Mabuku Awiri a Mwamuna Mmodzi

Amuna anga anali ndi mabuku awiri a kuchipatala, monganso anali ndi akazi awiri. Limodzi linkakhala kwa ine ku Ulongwe, nditalikutira m'jumbo ya shuga, pansi penipeni pa sutikesi ya zovala. Linalo linkakhala kwa mkazi wamng'ono kunyanja ya Chiuta, ndipo pomwe ankalisunga sindinkafuna n'kupadziwa komwe. Amene sanakhalepo pa mitala akhoza kuseka kuti kabuku n'kachiyani. Kwa ine sikanali kabuku wamba. Mkazi wosunga buku la mwamuna ndi amene amayankha dokotala akafunsa kuti wabwera ndi wodwalayu ndani. Zina zonse ndinali nditagawana naye mtsikanayo, masabata, ndiwo, ngakhale nsalu za pa Idi ankatigulira zofanana ngati mapasa. Buku lokha ndinkati ndi langa.

Bambowa ankachita geni ya nsomba zouma. Ankakagula matemba ndi milamba ku Chiuta, n'kukwera nazo sitima mpaka ku Liwonde, kenako minibasi, n'kudzaziyala m'mbali mwa msewu pa Ulongwe. Masabata awiri kuno, masabata awiri uko. Tinakhala choncho zaka zambiri, tinabereka ana asanu, mpaka tsiku lina anabwera ndi madengu a matemba pamodzi ndi nkhani yoti amanga nikaha, ukwati wina, kunyanja. Akuti kumeneko ankasowa wowaphikira. Ashehe anandiuza kuti chipembedzo chimalola, ine ndinavomera ndi pakamwa. Mtima wanga palibe anaufunsa, ndiye unakhala ndi maganizo akeake.

Mkaziyo ndinamuona koyamba pamaliro a apongozi anga. Wamfupi, wosalankhulalankhula, Chichewa chake cholemera ndi Chiyao cha kunyanja. Kusukulu sanapondeko. Ine ndinafika Sitandade 8, ndipo sindinkalola kuti munthu aiwale zimenezo. Anandigwadira n'kunditchula kuti achemwali. Ndinamuuza kuti achemwali anga ndikuwadziwa onse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wonunkha utsi wa nsomba.

Matendawa ndinayamba kuwaonera pa mkanjo. Amuna anga anali aukhondo pa nkhani ya swala, mapemphero athu aja, osalola ngakhale kadontho pa chovala chopempherera. Koma ndikamachapa ndinayamba kupeza timadontho tachikasu kutsogolo kwa mkanjo woyera uja, nthawi zina tofiirira. Akasamba m'manja ndi m'mapazi kuti aswali, asanafike n'komwe pamkeka, ankabwerera kukayambiranso. Lachisanu kumzikiti anasiya mzere wakutsogolo umene ankaukonda, n'kumaima pafupi ndi khomo. Akalowa kuchimbudzi, ine ndinkatsuka mbale zonse, kuziyanika pathandala, iwo asanatuluke. Usiku ndiye chitseko sichinkapuma.

Ndikawafunsa ankati, "Ndi likodzo ili. Munthu woponda madzi a Chiuta angalephere likodzo?" Zinkamveka. Kwathu kuno magazi mumkodzo saopsa munthu, ngakhale ana asukulu amamwa mankhwala ake. Ndinatulutsa buku, tinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, anawapatsa mapiritsi akuluakulu aja a likodzo. Patapita miyezi anayamba kudandaula kuti kukuwotcha pokodza. Tinapitanso. Ulendo umenewo anawabaya jakisoni, n'kuwapatsa kapepala koti nanenso ndilandire mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Ine! Mayi wa ana asanu ndi zidzukulu ziwiri, kukhala pampando kumafunsidwa ndi namwino wamsinkhu wa mwana wanga kuti ndili ndi zibwenzi zingati. Ndinameza mapiritsiwo ndi misozi yaukali, ndili ndi chitsimikizo chonse kuti uve umenewu wachokera kunyanja.

Chimene sindinkachilabadira n'chakuti nthawi iliyonse akafunsidwa kuti zayamba liti, amuna anga ankayankha kuti dzana. Dokotala ankatsegula buku langa lija, n'kuona kuti munthuyu anabwera kalekale, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yapitayo, basi n'kulemba mankhwala. Akanadziwa bwanji kuti pakati pa miyezi imeneyo bambo yemweyu ankaimanso pamzere kuchipatala china cha kunyanja, ndi buku lina, akunenanso kuti zayamba dzana? Ine ndinkakhala pomwepo, kumva bodzalo, osatsutsa. Mkazi satsutsa mwamuna pamaso pa anthu, ndi mmene tinaleredwera. Koma kunena zoona ndinkanyadiranso kuti buku langa lili ndi masamba ambiri osalembedwa, chifukwa zinkaoneka ngati akakhala kwa ine sadwaladwala.

Tsiku limene mkazi wamng'onoyo anabwera kwathu ndimalikumbuka kuposa tsiku la ukwati wanga. Inali nyengo yokolola nandolo, ndinali nditamuyanika pamphasa ndikumumenya ndi ndodo. Amuna anga anali atapita ku Balaka kukasiya nsomba kwa ogula awo a kumsika. Ndinangomva odi wa mawu otsika. Potembenuka ndinamuona ataima pafupi ndi mtengo wa mango, fumbi mpaka m'maondo, kachikwama kakuda m'manja. Anali asanapondepo pakhomo panga chikwatiwireni.

Sindinamuyalire mphasa, ngakhale madzi akumwa sindinamupatse. Ndikulemba zonse mmene zinalili, sindikudzikometsera.

"Ajimwiche uli, achemwali," anatero atagwada.

Chiyao ndimachidziwa, ndinakula nacho, koma tsiku limenelo ndinachiiwala dala.

"Pakhomo pano timalankhula Chichewa. Mwasochera?"

"Iyayi, ndabwera kwa inu nomwe. Ndabwera za buku la abambo."

"Buku lanji?"

"La kuchipatala. Adokotala a kwathu akuti ndikatenge linalo, awaone onse pamodzi. Abambo anawauza kuti zayamba dzana, ine ndinati iyayi, ndi kalekale, ndipo kuli buku lina ku Ulongwe. Ndiye akuti mwina si likodzo. Akuti apite kuchipatala chachikulu akawayeze magazi, ndi chinanso..."

Analekeza, akufunafuna mawu, n'kuyamba kutsegula kachikwama kaja kuti andionetse zimene adokotala analemba. Sindinamulole kumaliza.

"Si likodzo, eee, nanenso ndikudziwa kuti si likodzo. Mapiritsi ake ndinamwa ine. Mwawapatsa matenda anu a kunyanja, mwawachititsa manyazi pamaso pa adokotala, lero mukufunanso buku? Mawa mudzafuna chiyani, malata a nyumba ino?"

"Achemwali, ine ndilibe matenda, nanenso anandiyeza. Ingondibwerekani, ndibweza sabata ya mawa. Kapena tiyeni tonse."

"Tonse? Ine ndi inu mpando umodzi wa minibasi? Mukufuna mukalipereke kwa asing'anga anu kuti dzina langa lifufutike mumtima mwawo, mukuyesa sindikudziwa? Nyamukani. Ngati adokotala anuwo akulifunadi, abwere okha adzandipemphe."

Ndinakweza mawu kuti oyandikana nawo amve, ndipo anamvadi, mitu inayamba kusuzumira pamipanda. Iye anatseka kachikwama kake, anadzuka, anasasa fumbi m'maondo.

"Chabwino, ndamva," anatero, n'kubwerera njira yomwe anadzera, ulendo wa tsiku lathunthu.

Ine ndinabwerera kwa nandolo wanga ndipo ndinamumenya ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo. Madzulo amuna anga atafika ndinawafotokozera monyadira. Ndinkayembekeza mkangano, koma anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Mwachita bwino. Amakonda kukokomeza zinthu uja." Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anakhala mbali yanga, ndipo ndinawaphera nkhuku. Ndinadzadziwa mochedwa kuti sanali kumbali yanga, anali kumbali ya thalauza lawo. Dokotala wa kunyanja uja anali atawafotokozera mmene amayezera matenda amene ankawakayikira, ndipo bambowa atamva za chala anatuluka osatsanzika. Kuchipatala chimenecho sanapondekonso.

Chaka chinatha. Msana unayamba kuwawawa, anati ndi mabenchi a sitima. Anasiya kunyamula madengu, anati ndi ukalamba. Anayamba kuswali atakhala pampando, thalauza n'kumamangidwa ndi chingwe chifukwa lamba linatha mabowo. Ine ndinkawathowa ndi madzi otentha, ndikutukwana kunyanja kuti sawadyetsa. Nandolo wina anacha, tinakolola.

Ndiye m'mawa wina mkodzo unatsekeratu. Anapita kuchimbudzi kasanu dzuwa lisanakwere, osatuluka ngakhale dontho. Pofika nthawi ya swala ya masana chinena chinali chitatupa, chouma gwa, mwamuna wamkulu akubuula atagwira khoma, thukuta lili kamukamu. Tinawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira, buku langa lili pachifuwa mkati mwa bulauzi. Kuchipatala cha boma anawalowetsa kapaipi kunjira ya mkodzo, ndipo thumba linadzaza ndikuona. Anagona tulo pomwepo ngati mwana woyamwa.

Tsiku lotsatira dokotala, bambo wa imvi za m'mbali, anapempha buku. Ndinalitulutsa m'jumbo ya shuga ndi manja awiri. Analitsegula, anawerenga, anabwerera kumayambiriro.

"Ndi lokhali?"

"Ndi lokhalo," anatero amuna anga.

"Pali lina."

Mawuwo anachokera pakhomo la wodi. Alamu anga, mchemwali wa amuna anga, anali atamuimbira foni mkazi wamng'ono uja dzulo lake osandiuza. Mkaziyo anali ataima ndi kachikwama kakuda komwe kaja. Pamaso pa dokotala ndinaluma lilime. Anatulutsa buku lake, lopindikapindika, lakuda ndi utsi, fungo la mlamba linadzaza pabedi ponse. Ndinatembenuza mphuno kuti aone.

Dokotala sanalabadire fungo. Anayala mabuku awiriwo pabulangeti, langa kumanzere, lake kumanja, n'kumayendetsa chala uku ndi uku, kutsata masiku. Tsamba langa, tsamba lake, tsamba lake linanso, tsamba langa. Mipata yonse imene ndinkainyadira m'buku langa inali yodzaza m'buku lake. Anawerenga nthawi yaitali, kenako anaitanitsa sitepula n'kuwalumikiza awiriwo, khatya, khatya, osapempha chilolezo kwa aliyense.

"Bambo, munthu mmodzi amakhala ndi buku limodzi," anatero. "Mwamwa mankhwala a likodzo okwanira mudzi wonse. Ili si likodzo."

Anatenga pepala n'kutijambulira. Chikhodzodzo anachijambula ngati chikho. Pansi pake anaika kachinthu kozungulira, n'kunena kuti mwamuna aliyense ali nako, dzina lake ndi pulositeti, kukula kwake ngati ndimu yaing'ono, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Amuna ambiri akamakula kamatupa n'kufinya njirayo popanda choopsa china. Koma nthawi zina chotupitsacho ndi khansa, ndipo ndi maso sungasiyanitse. Anati ayamba ndi kukakhudza. Kali mkati, koma kamagundana ndi njira ya chimbudzi, ndiye dokotala amavala golovesi, kupaka mafuta, n'kulowetsa chala chimodzi kumbuyo kuti amve ngati kali kofewa ndi kosalala kapena kolimba ndi ka mabampu. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Amuna anga anakoka bulangeti mpaka pakhosi.

"Ine ndinavulidwa kamodzi, ku jando, ndili mwana. Sindivulanso. Ndevu zoyera izi, munthu andipise chala? Ndikaima bwanji pamaso pa Mulungu? Ndipatseni mapiritsi ndizipita."

Dokotala anayamba kuwanyengerera mofatsa, kuti ndi chithandizo, kuti ngakhale ashehe amayezedwa. Ine kufatsa kunali kutandithera. Ndinaiwala zonse zoti mkazi satsutsa mwamuna pagulu.

"Munavulira mkazi wachiwiri osachita manyazi, lero manyazi abwera pa golovesi? Dzulo munakodzera m'thumba wodi yonse ikuona. Mulungu amene mukumunenayu mwakhala mukuima pamaso pake ndi mkanjo wamikodzo zaka ziwiri, wochapa ndine. Tembenukani, adokotala ali ndi odwala ena."

Bambo wa pabedi loyandikana anadziphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Amuna anga anandiyang'ana ndi diso limene sindinalionepo, kenako anatembenukira kukhoma n'kupinda maondo. Dokotala anatikokera katani, ife awiri tinaima kunja kwake, wina kuyang'ana zenera, wina kuyang'ana pansi. Ndisanamalize kukonza mpango wanga katani inatseguka. Chinthu chimene anachithawa chaka chathunthu chinatha msanga kuposa kuthira mchere mundiwo.

Dokotala akuvula golovesi anati kachiwaloko n'kolimba ngati mwala, ndipo mbali imodzi kali ndi mabampu. Anati zimenezo sizikumusangalatsa, koma chala sichigamula mlandu. Pankafunika magazi, kuti aone mlingo wa chinthu china chimene pulositeti imatulutsa, anachitchula kuti PSA. Anati tidikire kaye masiku angapo, chifukwa kapaipi ndi kutupa kuja pazokha zimakweza mlingowo n'kusokoneza. Tinadikira, anatenga magazi, tinadikiranso. Zotsatira zitabwera nambala yake sindinaimvetse, koma ndinaona mmene anaizungulizira kawiri ndi cholembera. Anati ngakhale nambala yokwera chonchi siyokwanira kunena kuti ndi khansa, ngakhale ikuloza komweko. Chonena zoona zenizeni ndi kanyama ka pamalopo, akakaika pa makina oonera tinthu tating'ono. Anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha mumzinda.

Apa abale awo anadzuka. Alamu anga anati anamva kuti khansa ukaidula imalusa, imamwazika thupi lonse. Panakhala msonkhano pakhonde langa, aliyense dokotala, ngakhale amene sadziwa kumwa panado. Ndinawafunsa kuti pa zaka ziwiri zonsezi anali kuti, ndipo ndani wa iwo anachapapo mkanjo. Mkazi wamng'ono, yemwe anakhala kumapeto kwa khonde osapatsidwa mpata, anangoti, "Ine ndinawafunsa adokotala. Akuti singano siimwaza matenda, chomwaza ndi kudikira." Aka kanali koyamba kuti ine ndi iye tinene chinthu chimodzi, ndipo zinandinyansa kuti wanena bwino kuposa ine.

Mumzinda tinapita atatu. Mu minibasi amuna anga anakhala pakati, ife uku ndi uku, osalankhulana mpaka kufika. Anayamba ndi sikani, kuwapaka mafuta ozizira pachinena n'kumayendetsa kachipangizo, ife tikuona mithunzi yosamveka pa kanema. Tsiku la kanyama anawamwetsa kaye mankhwala oteteza ku mafinya. Njira yake inali yomweyo imene ankaiopa, koma ulendo uno sanatchule za jando. Atatuluka anandiuza okha kuti anawabaya dzanzi, kenako kasingano kankalira ngati msampha wa mbewa, kangapo, kakutenga tinyama toonda ngati ulusi. Anakodza magazi masiku angapo, monga anatichenjezera. Chifukwa cha msana uja anawajambulanso mafupa. Kenako anatiuza kuti tibwerere kwathu, tidzabwerenso pakatha masabata angapo.

Masabata amenewo anagwera kwa ine, chifukwa ulendo wa kunyanja sakanautha. Ndinkakhuthula thumba la mkodzo, kuwasambitsa, kuwaphikira phala limene ankangolilawa. Ndinkawalusira pa chilichonse, pa supuni, pa wailesi, pa kutsokomola. Buku lolumikizidwa lija analisunga iwo eni pansi pa pilo, mwina poopa kuti tingamenyanirane. Sindinalitsegule. Ndikuganiza kuti ndinkadziwa kale kuti muli tsamba limene sindikufuna kuliona.

Tsiku la zotsatira tinapeza dokotala wina, mayi wa magalasi, wolankhula mosazungulira. Anatikhazika atatu, anafunsa amuna anga ngati akufuna tonse timve, iwo anagwedeza mutu. Anati tinyama tija taonetsa khansa ya pulositeti, yamtundu wothamanga, ndipo zithunzi zikuonetsa kuti yafika kale m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Amuna anga anati, "Inna lillahi," mawu amene timanena pa tsoka, chapansipansi, n'kuvula kofia, n'kuivalanso.

Mayiyo anayamba kufotokoza za jakisoni wochepetsa mphamvu ya matendawo, akutsegula buku kuti alembe. Potsegula anadutsa masamba akuda ndi utsi aja, ndipo anaima pa tsamba lina. Anawerenga, anakweza magalasi.

"Apa mnzanga wina analemba kuti akukayikira pulositeti. Anapempha buku lakale, ndipo anakutumizani kuti mukayezetse. Papita chaka ndi miyezi. Chinachitika n'chiyani?"

Amuna anga ankayang'ana zala za kumapazi. Ine ndinamva mkazi wamng'ono akutembenuka, ndinamva maso ake pa tsaya langa ngati moto wa mbaula. Ndinakonzeka. Ndinali nditasanja kale mayankho, oti iye ndi amene sanafotokoze bwino, oti munthu sabwera pakhomo pa mnzake osatumiza uthenga. Ndinkafuna anene kuti ndimulume.

"Buku linalo silinapezeke," anatero, basi.

Dokotala anatiyang'ana mmodzimmodzi, sanafunsenso. Ndine ndinafunsa.

"Adokotala, akanabwera nthawi imeneyo, zikanasintha?"

"Sindingalumbire, mayi. Mwina inali itayenda kale, mwina ayi. Koma chaka n'chachitali kwa khansa yothamanga chonchi. Ikakhala ikadali mkati mwa kachiwaloko timakhala ndi zochita zambiri, ena amachira. Ikafika m'mafupa timangoichedwetsa ndi kuchepetsa ululu."

Panja, pansi pa mtengo pamene odwala amadikirira, ndinawatembenukira amuna anga. Ndinawauza kuti adzipha okha ndi bodza lawo la dzana, kuti anasankha thalauza kusiya ana awo, kuti mwamuna wamantha ngati iwo sindinamuonepo. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Inu munamuthamangitsa," anatero mofatsa.

"Inu munati ndachita bwino! Munadya nkhuku yanga!"

"Ndinadya," anatero.

Anthu ankatiyang'ana. Mkazi wamng'ono, amene anali atanyamula buku potuluka m'chipinda muja, anayandikira. Sanagwade ulendo uno. Anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, analitambasula, n'kuikamo mabuku awiri olumikizidwa aja.

"Tengani, achemwali. Munkalifuna. Lonse ndi lanu tsopano. Inu ndi amene mumadziwa kuwerenga."

Ndafufuza mawu amenewo kambirimbiri kuti ndipezemo chipongwe choti ndimubwezere, ndipo chilimo, ndikudziwa kuti chilimo, koma sindinapeze poligwira. Akananditukwana pamaso pa dokotala bwenzi nditamutukwananso, n'kugona tulo. Anandimana zimenezo, ndipo sindinamukhululukire.

Kuwerenga ndimadziwadi. Chingerezi cha madokotala chokhotakhota chija sindichimva, koma tsiku amalemba ndi manambala, ndipo manambala sanama. Tsamba lija ndinalipeza tisanafike n'komwe ku Liwonde. Mwezi wake ndi wokolola nandolo. Pansi pake pali mzere wa mawu awiri atatu wodulidwa kunsi kawiri, umene mtsikana uja ankafuna kundionetsa pansi pa mango akutsegula kachikwama.

Amuna anga akadali moyo pamene ndikulemba izi. Geni ya nsomba inatha, amakhala pakhonde langa pampando wa nsungwi, amaswali ndi maso ndi milomo. Jakisoni anawathandiza, ululu unatsikako, masiku ena amafika mpaka kumsewu kukaona anzawo. Amuna akabwera kudzawazonda ndimawafunsa pamaso pa akazi awo kuti amadzuka kangati kukakodza, ndipo ali ndi mabuku angati. Ena anasiya kubwera chifukwa cha pakamwa panga, ndipo sindikuwasowa. Mkazi wamng'ono amabwera mwezi ndi mwezi. Ndimamuyalira mphasa, ndimamupatsa madzi, amanditchulabe achemwali ndipo sindiyankha. Anthu amati matenda anatigwirizanitsa. Sanatigwirizanitse, timangosinthana beseni.

Buku lija silikwananso m'jumbo ya shuga, linanenepa. Ndinayesa kuliyanika padzuwa, ndinayesa kulikutira ndi sopo wonunkhira, koma utsi wa kunyanja unalowerera m'mapepala. Ndimalisungabe pansi pa sutikesi, pamalo pake pakale, chifukwa palibenso wina wolisunga. Ndiye zovala zanga zonse, ndi nsalu ya pa Idi yomwe, zimanunkha utsi wa nsomba, ndipo ndimazivala choncho.